Ndalama za NHIMA Sizicepetsa Msonkho wa PAYE

Kuyambira mu 2019, wanchito wa mu ofesi ku Cairo Road, kaya amakhala ku Kabwata kapena ku Chelstone, amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake kupita ku NHIMA, ndipo womulemba nchito amaonjezapo 1 peresenti ina. Ambiri amayesa kuti ndalamazi zimacepetsa msonkho. Sizitero ai. Bungwe la ZRA limawerengera PAYE pa malipiro ndalama za cipatala zisanacotsedwe.

Mlendo naye sapulumuka. Ngakhale akhale ku Kabulonga masiku osakwana 183 pa caka, ndalama zimene wagwirira nchito muno zimakhomeredwa msonkho, pokhapo ngati pangano la misonkho pakati pa Zambia ndi dziko lake limuteteza. Inshuwalansi imene amalipira kwao siimucepetsera kanthu kuno.

Ku America nkosiyana: lamulo la 2003 limalola kucotsa ndalama zosungira cipatala pa msonkho wa boma lalikulu, ngakhale California ndi New Jersey amakana.

Kuno funso lalikulu lili pa wolandira zocepa. Mu 2024 wolandira K5,100 pamwezi anamasulidwa ku PAYE, koma NHIMA inapitiriza kumudula.