Nkhokwe ya malikisi a ana tiziidziwa mamangidwe ake

Ambiri mwa ife amene tikuphunzira zauphunzitsi pano tinadutsa m'masekondale a mpingo, ndipo nkhani ngati iyi si yachilendo. Pa sukulu ina imene ena mwa ife tinaphunzirapo, kompyuta ya mu ofesi inakana kuyaka kutatsala sabata imodzi kuti titsekere teremu yachiwiri ya Folomu 3. M'kompyutamo munali malikisi a teremu yonse komanso mayina a onse amene analipira fizi. Mkulu amene anaikamo pulogalamuyo anali atapita ku Joni, foni yake yosapezeka. Aphunzitsi anachezera usiku akuwonkhetsanso malikisi pamanja, ndipo teremu yotsatira anzathu awiri anabwezedwa pa geti chifukwa umboni woti analipira unapita ndi kompyutayo. Panalibe wakuba kapena wanjiru. Kungoti pa aphunzitsi onse aja panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti malikisiwo amakhala pati m'makinamo.

Posachedwapa aphunzitsi ake tikhala ife. N'chifukwa chake tikuti wophunzira aliyense wa zauphunzitsi, makamaka amene akukonzekera kukaphunzitsa Computer Studies kapena masamu, asachoke pa koleji pano asanamangepo yekha database kuchokera ku source code, ngakhale kamodzi kokha.

Tiyambe ndi mawu awiriwa. Database ndi pulogalamu imene imasunga mauthenga mwadongosolo ngati nkhokwe: mayina, malikisi, fizi, mabuku a mu laibulale. Source code ndi malangizo amene anthu analemba, oti munthu angathe kuwawerenga, asanasandutsidwe pulogalamu imene kompyuta imamva. Kuika pulogalamu yokonzedwa kale kuli ngati kugula ufa wa m'paketi ku golosale. Kumanga kuchokera ku source code ndiye kutenga chimanga, kukonola, kuviika, kuyanika, kenako ulendo wa ku chigayo. Nsima yake ndi imodzimodzi, koma amene wadutsa njira yachiwiriyi amadziwa poyambira kufufuza ufa ukatuluka woipa.

Chitsanzo chabwino ndi PostgreSQL. Inayambira ku University of California ku Berkeley mu 1986 motsogozedwa ndi Michael Stonebraker, ndipo dzina limene ili nalo lero inalitenga mu 1996. Inalembedwa m'chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa C, ndipo aliyense ndi wololedwa kuitenga, kuiwerenga ndi kuisintha osalipira ngakhale tambala. Si chidole cha ana asukulu ayi. Pulogalamu ya DHIS2, imene a zaumoyo m'dziko muno amasonkhanitsira malipoti ochokera m'zipatala, imasunga mauthenga ake mu PostgreSQL yomweyi.

Ntchito yomanga ija si yoopsa monga imamvekera. Pa kompyuta ya Linux timatsitsa fayilo ya source code, imene sifika n'komwe 50 MB. Tikaimasula timalemba lamulo lakuti ./configure, ndipo limeneli limayendera kompyuta yonse kuona ngati zipangizo zofunika zilipo. Ulendo woyamba nthawi zambiri limaima n'kunena kuti pakusowa readline, zlib kapena ICU. Apa m'pamene ambiri amathawira, koma apanso m'pamene phunziro limayambira: kuwerenga uthengawo mofatsa, kumva chimene chikusowa, kuchipeza, n'kuyambiranso. Kenako make amagaya source code ija, make check amayesa ngati zagayika bwino, ndipo make install amaika pulogalamuyo pamalo pake. Pomaliza, initdb amakonza foda imene mauthenga azikhalamo, ndipo malo a fodayo timasankha tokha.

Taonani zimene munthu amatola m'njiramo. Choyamba ndi yankho la funso limene aphunzitsi athu aja linawakanika: malikisi amakhala m'foda yakutiyakuti, pa disiki yakutiyakuti, ndipo ndi lamulo la pg_dump tingathe kuwakopera onse pa flashi Lachisanu lililonse tisanaweruke. Chachiwiri, PostgreSQL imakana kuyaka ngati munthu walowa ndi dzina la root, lomwe lili ndi mphamvu zonse pa kompyuta, ndipo kukana kumeneko kumatiphunzitsa kuti si bwino makiyi onse a sukulu kukhala pa chingwe chimodzi. Chachitatu, initdb amachenjeza kuti tikapanda kusintha, aliyense wokhala pa kompyutayo akhoza kulowa m'nkhokwemo popanda pasiwedi. Amene analiona yekha chenjezo limeneli n'kukatsegula fayilo ya pg_hba.conf sangadzasiye malikisi a ana pambalambanda. Chachinayi chikukhudza kuthima kwa magetsi. PostgreSQL imayamba yalemba kusintha kulikonse m'kaundula wapadera isanasinthe m'nkhokwe mwenimwenimo, kotero magetsi akabwera imawerenga kaundulayo n'kubwezeretsa zimene zinatsimikizidwa kale. Koma disiki ikafa, kaundulayo amafera limodzi. Wodziwa zimenezi sachita ulesi ndi flashi ija.

Ena anena kuti uku n'kutaya nthawi, popeza pa Ubuntu lamulo limodzi lokha limaika PostgreSQL yokonzedwa kale. Akunena zoona, ndipo ifenso tikadzapatsidwa udindo pa sukulu tidzaika yokonzedwa kaleyo, chifukwa zigamba zotseka mipata ya akuba zimabwera mosavuta. Amene wamanga yekha ayenera kumatsatira yekha zigambazo n'kumamanganso, ndipo mphunzitsi wa makalasi anayi alibe nthawi imeneyo. Sitikunena kuti masukulu aziyendetsedwa choncho. Tikunena za kuphunzira. M'kalasi la masamu timaumiriza ana kugawa manambala pamanja asanagwire kalikuleta, ndipo palibe kholo limene limati tikuwatayitsa nthawi.

Ena anenanso kuti ngakhale titamanga tokha, mizere ya source code ndi yambirimbiri ndipo sitingaiwerenge yonse. Izinso n'zoona, ndipo kumanga wekha si chishango. Mu Marichi 2024 kunapezeka kuti munthu wina anabisa khomo lachinsinsi mu xz, kapulogalamu kofinya mafayilo kamene kali m'makompyuta ambiri a Linux, ndipo mbali ina ya msamphawo anaibisa m'mafayilo omangira omwewo. Koma tifunse kuti anautulukira ndani. Anali Andres Freund, mmodzi mwa akatswiri olemba PostgreSQL, amene anadabwa kuona kuti kulowa pa kompyuta kudzera pa ssh kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Sanangoti ndi mmene makina amachitira. Anatsata mpaka anapeza gwero lake, ndipo zinatheka chifukwa zamkati mwake zinali zoti munthu n'kuziona. Khalidwe limeneli, lokana kungovomereza zimene sukuzimvetsa, ndi limene tikufuna kudzapatsira ana.

Palinso nkhani ya umwini. MySQL, database ina yotchuka, inayambira ku Sweden mu 1995. Kampani ya Sun Microsystems inaigula mu 2008, ndipo pofika 2010 Sun yomweyo inali m'manja mwa Oracle. Michael Widenius, mmodzi mwa amene anayambitsa MySQL, anatenga source code ija mu 2009 n'kuyamba MariaDB, imene ikugwira ntchito mpaka lero. Zikanakhala kuti source code inali yotsekeredwa, onse oigwiritsa ntchito akanangodikira chifundo cha mwini watsopano. Komabe ufulu wotenga source code ulibe phindu kwa munthu amene sadziwa chochita nayo. Kwa iyeyo pulogalamu yaulere ndi yogula n'chimodzimodzi: zonse ndi nkhwangwa yobwereka, imene siichedwa kuguluka.

Tisaiwale kuti zimene zimasungidwa m'nkhokwezi si manambala chabe. Muli dzina la mwana wamasiye amene mpingo ukumulipirira fizi, muli malikisi a mtsikana amene makolo ake akudikira lipoti kuti aone ngati apitirize kumulipirira. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza mauthenga okhudza anthu, koma lamulo silikopera malikisi pa flashi. Amakopera ndi mphunzitsi, ndipo amene wapatsidwa za ana a eni ake kuti asunge ayenera kudziwa pamene wazisunga.

Pempho lathu kwa akuluakulu a koleji ndi laling'ono. Atipatse makompyuta awiri kapena atatu akale amene angokhala mu labu, atilole kuikapo Linux, ndipo labuyo izitsegulidwa Lamulungu masana. Fayilo ya source code ndi zipangizo zake tingazitsitse kamodzi n'kumagawana pa flashi, kotero bandulo si chifukwa chokanira. Amene wadutsa pa ./configure athandize mnzake amene wakodwa. Ndipo aliyense akamaliza kumanga, alowetsemo malikisi ongopeka a kalasi limodzi, awakopere, afufute nkhokwe yonse dala, kenako aibwezeretse anzake akuona. Amene wachita zimenezi kamodzi, tsiku limene kompyuta ya mu ofesi idzakane kuyaka sadzayamba n'kusaka nambala ya munthu wa ku Joni.