Mabanki akunenepa, koma ku Ndunde akadali kwa katapila

Masamba a nyuzipepala adzazanso ndi zidziwitso za mabanki, iliyonse kulengeza phindu lake ndi gawo limene eni masheya alandire. Akuluakulu ena a zachuma akuomba m'manja kuti umenewu ndi umboni wakuti ntchito za mabanki ndi zandalama zikukula m'dziko muno. Manambalawo sitikuwatsutsa. National Bank yokha inapitirira K100 biliyoni ya phindu mu 2024, ndipo Standard Bank, FDH ndi NBS nawo anapanga mabiliyoni ankhaninkhani. Sitikufunanso kuti mabanki aziluza, chifukwa banki ikagwa olira ndi amene anasungitsako ndalama.

Funso lathu ndi lakuti, kukula kumeneku kwafika kwa ndani? Tiyeni tipite ku Ndunde, m'boma la Chiradzulu, kumene sikutali n'komwe ndi Limbe, tikaone.

Zinthu zasinthako ndithu, ndipo tiyamikire pofunika kuyamikira. Mayi wogulitsa tomato ndi nandolo, amene kale ankamanga ndalama pa nsonga ya chitenje, lero amazisunga pa foni. Mwana wake wa ku Joni akamutumizira kangachepe, sadikiranso munthu wobwera pa basi. Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, patapita zaka zochepa M-Pesa itaonetsa njira ku Kenya mu 2007. Mu 2015 kunabwera Natswitch yolumikiza mabanki kuti khadi la banki ina lizigwira pa makina a banki inzake. Mu 2017 boma linalembetsa anthu ziphaso zaunzika, ndipo kwa nthawi yoyamba munthu wakumudzi anakhala ndi chomudziwitsa chimene banki singachikane. Foni, chiphaso ndi ajenti wokhala pansi pa ambulera pamsika ndi zimene zafikitsa ndalama kumudzi. Nyumba zagalasi za mu Victoria Avenue sizinachite zimenezi.

Ngakhale pamenepa pali zokhumudwitsa. Ajenti amakuuzani kuti "float yatha, bwerani masana." Netiweki ikadula, ndalama yachoka uku koma uko siinafike, ndipo mlimi amataya tsiku lonse akuimba nambala yothandiza makasitomala. Potumiza amadula, potapa amadulanso. Koma zimenezi n'zazing'ono poyerekeza ndi chachikulu chimene foni siinathetse: ngongole.

Kusunga ndi kutumiza ndi theka chabe la ntchito ya banki. Theka linalo ndi kutenga ndalama za osunga n'kuzibwereketsa kwa amene akufuna kulima, kuweta ndi kuchita malonda. Chiradzulu ili ndi anthu oposa 350,000 pa malo ochepa kwambiri, moti munda wa banja sungalidyetse ndi chimanga chokha. Anthu akumeneko amadalira dimba, ng'ombe yamkaka, nandolo ndi geni yopita nayo ku Limbe. Zonsezi zimalira mpamba. Mlimi amene akufuna ng'ombe yachiwiri kapena pampu yothirira akalowa m'banki, amakumana ndi fomu ya Chingerezi, kenako funso la chikole. Munda wake ndi wa makolo, ulibe pepala. Malamulo a zamalo a 2016 analonjeza kuti malo oterewa azilembetsedwa, koma ntchitoyo ikuyenda mwaukamba. Akadutsa ponsepo, chiwongoladzanja chimafika 30 peresenti kapena kupitirira. Ndi mkaka wanji umene ungabweze zimenezo?

Tsono amabwerera kumudzi, ku banki mkhonde. Kumeneko amayi amakhala pamkeka sabata iliyonse, bokosi la makiyi atatu lili pakati, mlembi akudinda masheya m'timabuku, wochedwa akulipira chindapusa. Amabwereketsana pa chiwongoladzanja chimene nthawi zambiri chimafika 20 peresenti pamwezi, koma sadandaula kwambiri chifukwa mu Disembala phindulo amagawana okhaokha, n'kugula feteleza, malata ndi yunifolomu. Amene alibe gulu, kapena vuto lamugwera pakati pa usiku, amapita kwa wakatapila, amene amafuna theka pamwamba mwezi ukatha ndipo amalanda njinga kapena mbuzi. Anthu amene amabweza ngongole zolemera chotere ndi omwewo amene mabanki amati ndi oopsa kuwakongoza!

Chifukwa chenicheni tinachinena kale m'danga lino, ndipo tichinenanso mpaka wina amve. Mabanki safuna mlimi wa ku Ndunde chifukwa ali ndi kasitomala mmodzi wamkulu amene amabwereka osaleka, amalipira chiwongoladzanja chokwera, ndipo safunika kumuyendera pa njinga yamoto m'misewu yamatope. Kasitomala ameneyu ndi boma. Chaka ndi chaka ndondomeko ya zachuma imakhala yoperewera, ndipo Capital Hill imatseka dzenjelo pokongola m'mabanki a m'dziko momwemuno. Manijala wa banki angavutikirenji ndi alimi 1,000 a ng'ombe imodziimodzi pamene angagule mapepala a ngongole za boma ali khale muofesi? Phindu lalikulu limene tikuliombera m'manjali likuchokera m'misonkho yathu. Mayi wa tomato uja, pogula sopo ndi mayunitsi, akulipira nawo chiwongoladzanja cha ngongole imene iye sanaione, kwa banki imene iye singamukongoze.

N'zochititsa manyazi kuti maboma onse, mosatengera mtundu wa nsalu ya chipani, achita zomwezi. Amadya mopitirira zimene apeza, zinthu n'kukwera mtengo, kenako Reserve Bank n'kukweza chiwongoladzanja mpaka 26 peresenti monga inachitira mu 2024, ati pofuna kuziziritsa mitengo. Chaka chimenecho mitengo inakwera ndi 30 peresenti n'kupitirira. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, miyezi yochepa namondwe wa Freddy atakokolola minda ndi nyumba ku Chiradzulu komweko. Munthu amene anamvera uphungu wa pawailesi wakuti tizisunga ku banki anadzuka m'mawa ndalama yake itasanduka madeya. Ndiye akuluakulu omwewo aime pa nsanja n'kumati Amalawi alibe chikhalidwe chosunga? Amene wagula mbuzi m'malo motsegula akaunti wawerengera bwino kuposa inu, mabwana. Nkhope ya John Chilembwe, mwana wa ku Chiradzulu, ili pa K2,000, koma lero ndalama imeneyo siigula n'komwe paketi ya shuga.

Boma likafuna kuonetsa kuti likukumbukira wakumudzi, limatsegula thumba la ngongole. Tinaona Malawi Rural Finance Company, inafa. Tinaona MARDEF mu 2005, inasintha dzina kukhala MEDF, kenako NEEF mu 2020. Dzina limasintha koma nthenda ndi yomweyo: ngongole zimatuluka chisankho chikayandikira, mndandanda umadutsa kwa atcheya a chipani, ndipo olandira amaziona ngati zikomo wa voti. Malawi Savings Bank, imene inachokera ku banki ya ku positi ndipo inali ndi nthambi m'maboma ambiri, inagulitsidwa mu 2015 boma litasenza ngongole zoola za mabiliyoni zimene sanatenge alimi a nandolo. Mu 2019 a Joseph Mwanamvekha, phungu wa ku Chiradzulu komweko amene anali nduna ya zachuma, anabweretsa msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zodutsa pa foni. Anthu atakuwa anauchotsa, ndipo anachita bwino, koma maganizo oti njira yokhayo imene wosauka wapeza ndiyo yoikapo msonkho sanathe ku Capital Hill.

Ena akuti yankho ndi lamulo loika malire pa chiwongoladzanja. Kenya inayesa mu 2016 n'kulichotsa mu 2019, mabanki atachepetsa kwambiri kukongoza amalonda ang'onoang'ono. Bola boma likubwereka mwa njala chonchi, lamulo lotero lingokankhira anthu ambiri kwa wakatapila.

Aphungu aleke kuvomereza ngongole iliyonse imene nduna yabweretsa ngati akuimba kolasi. Unduna wa zamalo umalize kulembetsa minda. Reserve Bank, imene imadziwa ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka m'mabanki, iwalamule kuti pambali pa phindu lawo azisindikizanso, boma ndi boma, ndalama zimene anatolera kwa osunga ndi zimene anabwereketsa kwa alimi ndi amalonda ang'onoang'ono. Ayambe ndi Chiradzulu, ndipo manambalawo tidzawaika pa tsamba loyamba.