"Chotsa!" Ndi Mawu Amene Akutiphera Mpira

Loweruka lapitali ndinaima m'mbali mwa kabwalo kena ku Chemusa, kotsetsereka, kopanda udzu, komwe mpira ukagunda mwala umadzisankhira wokha kolowera. Ankasewera anali anyamata osapitirira zaka 15. Goloboyi wa timu ina atagwira mpira sanaumenye m'mwamba, anangougubuduzira kwa mnzake wotchinga kumbuyo. Mnyamatayo anaulandira bwinobwino, anadzutsa mutu, anaona mnzake wapakati ali yekha, n'kumupatsira. Mpira unafooka panjira. Wakutsogolo wa timu inayo anaulanda, basi chigoli.

Zimene zinatsatira ndi zomwe zandilembetsa ndime ya sabata ino. Amuna akuluakulu, ena a msinkhu wa bambo ake, anamukuwiza mwanayo ngati wagwidwa akuba mumsika. "Ukanangochotsa iwe! Ukuyesa uli pa kanema?" Kochi wake sanadikire n'komwe kuti akapume kaye, anamutulutsa pompo. Amene analowa m'malo mwake anali atamva kale phunzirolo ali panja. Mpira uliwonse womufika ankangouphulitsa, kawiri konse unakatera pa malata a nyumba za eni, ndipo anthu ankamuombera m'manja.

Ine ndikuti amene anasewera mpira tsiku limenelo ndi uja anatulutsidwayo. Maso ake anaona malo oyenera, mutu wake unasankha munthu woyenera. Chinaperewera ndi mphamvu ya phazi yokha, chinthu chimene kochi wodekha angakonze m'masiku ochepa. Koma mantha amene tinamubzala m'mimba masana amenewo satuluka m'masiku ochepa. Akadzabwereranso m'bwalo, mpira ukadzamufika, sadzadzutsanso mutu.

Chondiwawa n'chakuti amuna omwewo, dzuwa likangopendeka, amakalipira pakhomo pa nyumba zoonetsera mpira n'kumachemerera Manchester City ikupatsirana kuchokera kwa goloboyi. Aiwala mmene zinayambira. Pep Guardiola atafika ku timuyo mu 2016, chaka chake choyamba sanatenge chikho ndi chimodzi chomwe. Goloboyi Claudio Bravo ankalakwitsa mochititsa manyazi, John Stones ankalandidwa mpira pafupi ndi golo lake, ndipo atolankhani a ku England sanawasiyire malo opumira. Guardiola anasintha goloboyi, nabweretsa Ederson, koma kaseweredwe sanakasinthe, ndipo Stones sanamutaye. Chaka chotsatira anatenga ligi ndi mapointi 100. Stones yemweyo anali m'timu imene inatenga zikho zitatu mu 2023. Akanabadwira kwathu kuno, ndikukhulupirira tikanamuthamangitsa pabwalo asanamere ndevu. Walira mvula walira matope; sitingafune mpira wopatsirana kwinaku tikulanga mwana aliyense amene akuuphunzira.

Zipatso za "chotsa" tinaziona tonse pa 25 January 2022 ku Yaoundé, Flames ikusewera ndi Morocco mu mpikisano wa mayiko a mu Africa. Flames inali itachita zomwe inali isanachitepo: kugonja 1-0 kwa Guinea, kudzuka n'kuchinya Zimbabwe 2-1, kulepherana 0-0 ndi Senegal ya Sadio Mané, n'kulowa m'gulu la matimu 16 omaliza. Pa mphindi ya 7 Gabadinho Mhango anaona Yassine Bounou wa Morocco atatuluka pang'ono pagolo, n'kuumenya kuchokera kutali kwambiri, chigoli chimene mpaka lero chimadzutsa tsitsi. Taganizani, ukanapita kunja mpira uja, ndi angati a ife tikanamunena kuti ndi wodzikonda? Chigoli chathu chokongola kuposa zonse chinachokera kwa munthu amene sanaope kulakwitsa.

Koma kuchokera pamenepo mpira unali wa Morocco. Anyamata athu anamenya nkhondo ndi mtima wonse, Charles Thom anapulumutsa yochuluka pagolo, ndipo palibe amene angawanyoze. Vuto linali lakuti tikaulanda mpira, sitinkatha kukhala nawo kuti tipumeko. Tinkaubweza kwa eni ake, iwo n'kubweranso. Youssef En-Nesyri anabweza ndi mutu atatsala pang'ono kukapuma, Achraf Hakimi anamaliza ndi firikiki pa mphindi ya 70. Munthu sungatchinge madzi ndi manja kwa ola lathunthu ndi theka. Ndipo luso losunga mpira pansi pa chipsinjo chotere siliphunziridwa ku kampu ya milungu iwiri ku Chiwembe. Limaphunziridwa pa zaka 12, pa mabwalo ngati la ku Chemusa, polakwitsa kambirimbiri popanda wokutukwana.

Ndikudziwa zimene makochi a m'makwalala athu angandiyankhe, ndipo sindikuzipeputsa. Mabwalo a ku Ndirande, Bangwe kaya Zingwangwa ndi a miyala ndi ngalande za mvula. Kupatsirana pansi pamalo otere n'kutchova juga. Masewero ambiri ndi a bonanza, pali ndalama, ndipo kochi amene wagula yekha mipira safuna kumva za mawa. Mpira wautali nawonso uli ndi malo ake, woumenya atayang'ana kaye amene akumuponyera. Chimene ndikukana ndi kumenya kwa mantha, kongofuna kuti mlandu ukagwere wina. Komanso tisaiwale kuti bwalo loipa ndi mphunzitsi: mwana amene anaphunzira kuimitsa chikulunga pa miyala, akafika pa kapeti ya pa Kamuzu Stadium mpira umamumvera ngati wake. Malamulo nawo anasintha mu 2019, tsopano wotchinga kumbuyo akhoza kulandira golokiki ali m'bokosi momwemo. Dziko lonse likuphunzitsa ana kuyambira kumbuyo, ife tikadali kukuwa mawu a makedzana.

Atsikana athu anatisonyeza mmene kugonja kumagwirira ntchito mukakupatsa mpata. Mu 2021 Scorchers inafika mu fainolo ya COSAFA n'kugonja 1-0 kwa Tanzania. Patapita zaka ziwiri inabwereranso mu fainolo, ulendo uno ndi Zambia. Asimenye Simwaka anagoletsa choyamba, Zambia inabweza chakumapeto kwenikweni, nthawi imene timu yamantha imangodzikundikira kumbuyo kudikira mapenate. Iwo anapitabe kutsogolo, Sabina Thom n'kumwetsa chachiwiri, chikho chija n'kubwera kumudzi. Timu imene inalawapo kuwawa kwa fainolo imadziwa kuti chigoli cha mdani si maliro.

Kwa akochi a ana ndili ndi pempho limodzi. Mwana akalakwitsa poyesa chinthu choyenera, musiyeni m'bwalomo. Muitanireni pambali popuma, mumufunse chimene anaona, mumuonetse poponda phazi ndi mbali ya phazi yomenyera, kenako mumuuze kuti mpira wotsatira aupatsirenso. Amene muyenera kumudzudzula ndi wapakati uja anaima chilili kudikira mpira m'malo mouthamangira, chifukwa kupatsirana ndi ntchito ya anthu awiri. Ifenso oonerera, amene sitigula nsapato kapena kuwapatsa madzi anawa, tichepetse pakamwa.

Masewero atatha ndinamupeza mnyamata uja atakhala payekha pa mwala, nsapato zili m'manja, maso ali ofiira. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, pamene unkapatsira paja unaona chiyani?" Anayamba wayang'ana pansi, akuganiza kuti nanenso ndabwera kudzamukalipira. Kenako anatola kamtengo n'kuyamba kujambula pafumbi: apa panali iye, apa mnzake wapakati, apa wakumbali amene akanatsala yekha mpira uja ukanadutsa. Anali ataona mapasi awiri kutsogolo, pomwe ife tonse panja tinangoona chigoli. "Ndinaumenya ndi chala, bambo," anatero, "ndimafunika ndiumenye ndi mkati." Ndinamufunsa ngati abwera ku tirening'i Lachiwiri. Anati sakudziwa ngati akochi amulola.