Tiuzeni Musanaphulitse

Ife a kuno ku Nathenje, pamodzi ndi abale athu a njira ya Kamphata yopita ku Nkhoma, tapirira zambiri, koma kugunda kuja mtima sunakuzolowere. Dzuwa lili paliwombo, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe, mwadzidzidzi: phuu! Malata anjenjemera, agalu auwa, khanda limene mayi ake anavutika kuligoneka ladzidzimuka. Agogo amene anaona chivomerezi cha ku Salima cha mu Malichi 1989, chija chinagwetsa nyumba ndi kupha anthu, amathamangira panja osayamba afunsa. Ndani angawadzudzule?

Fumbi likakwera m'pamene timauzana kuti ndi kukwale. Ana athu ogwira ganyu kumeneko amatifotokozera kuti amaboola mabowo ambiri m'thanthwe, n'kuthiramo zophulitsira, n'kuziyatsa pamodzi. Mphamvu ina imayenda mumpweya, ina imayenda pansi pa nthaka mpaka kufika pa maziko athu. Nanga maziko athu mukuwadziwa: njerwa zootcha, zomangira dothi, simenti ya pamwamba chabe. Mng'alu umayambira pakona ya zenera, chaka chamawa wafika padenga.

Mwalawo sitikuukana ayi. Matipa amene amatsatizana pamsewu wa M1 akukamanga misewu ndi nyumba zosanjikizana mumzinda wa Lilongwe, komwe nafenso timakagulitsa tomato ndi kabichi. Koma kodi amene amasaina zilolezo anagonapo m'chipinda chimene khoma lake lang'aluka, mvula ya Januwale ikuwomba? Lamulo loteteza chilengedwe la 2017, lija linakhazikitsa bungwe la MEPA, limafuna kuti ntchito zotere ziyambe zaunikidwa, anthu oyandikana nazo afunsidwe. Lipoti lake limalembedwa m'Chingerezi n'kukasungidwa m'maofesi a m'tauni. Ndi angati mwa ife amene analiwerengeredwa pabwalo la mfumu?

Ndiye tapeza nzeru zathuzathu. Amayi anatsitsa makapu ndi mbale zadothi pa shelefu, tsopano zimakhala pansi m'dengu. Chithunzi cha ukwati chinachoka pakhoma, chili m'sutikesi. Abambo amalemba ndi khala pamene mng'alu wathera, n'kuikapo deti, kuti mwezi wamawa aone ngati wakula. Makoma ena afanana ndi kaundula wa kusukulu. Nkhuku yofungatira timaisamutsira kuseri kwa nkhokwe poopa kuti mazira asukuluka. Ufa woyanika pamphasa umafuna mlonda wogwira chitenje, wokonzeka kuuphimba fumbi lisanatsike. Ana timawagoneka pakati pa chipinda, kutali ndi khoma, ngakhale malo achepe. Aphunzitsi amadikira kaye kuti kalasi ikhale bata, kenako abwereze samu yomweyo.

Chimene chimatipweteka kwambiri ndi yankho limene timapatsidwa tikadandaula, lakuti nyumba zanu munamanga mosalimba. N'kutheka zina zinamangidwadi choncho, koma tidziwa bwanji popanda woyeza? Zipangizo zoyezera kugwedezeka kwa nthaka zilipo, ndipo nthambi ya boma yoona za miyala ku Zomba imayeza zivomerezi. Ku Bunda, pafupi ndi Mitundu pomwepa, sukulu ya ukachenjede ya LUANAR ili ndi akatswiri a zachilengedwe. Kodi n'zosatheka kuti wina abwere, aike chipangizo pakhonde la mayi wamasiye tsiku lophulitsa, n'kutiuza manambala ake m'Chichewa?

Afumu athu a kwa Kalumbu ndi kwa Mazengera, makhansala ndi a DC, pempho lathu si lalikulu. Tsiku ndi ola lophulitsa zilengezedwe kutchalitchi, kumzikiti ndi pamsika. Belu lilire mokwanira kuti mwana wobusa mbuzi pafupi ndi phiri athawe, ndiponso kuti wodwala mtima akhale pansi. Nyumba zoyandikana ndi kwale zijambulidwe lero, mfumu ndi eni kwale ali pomwepo, kuti mng'alu watsopano ukaoneka tisakanganenso za mwini wake.