Thukuta la ku Chitala lisathere pa moŵa

Aliyense amene anadzalapo mtedza m'dziko muno amalidziŵa dzina la Chitala ngakhale asanapondeko phazi. Kumeneko, m'dera la Mfumu Yaikulu Khombedza m'boma la Salima, kuli malo a Boma ofufuzirako za ulimi, kumene akatswiri akhala akuyesa mbeu zoyenerana ndi nthaka yotentha ya m'mbali mwa nyanja. M'chaka cha 2005 mtundu wina wa mtedza, wocha msanga ndiponso wopirira matenda a kadukutu, unaperekedwa kwa alimi ndipo unatchedwa dzina lomwelo la Chitala. Kumbuyoko, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ntchito yaikulu yotukula chigwa cha Salima, imene dziko la Germany linathandiza ndi ndalama, inaphunzitsa alimi kupopera thonje ndi kulima ndi ng'ombe. Cholinga cha zonsezi chinali choti munthu wa kumudzi akolole zambiri, apate ndalama, ndipo banja lake lidye bwino, livale bwino ndi kugona m'nyumba yosadontha.

Lero ife tifuna kufunsa funso limene akatswiri a mbeu sangathe kuliyankha ali m'minda yawo yoyesera. Kodi ndalamazo zikaloŵa m'thumba la mlimi zimathera kuti?

Mlimi wa thonje ndi mtedza amagwira ndalama kamodzi kokha pa chaka. Kuyambira mvula yoyamba kufikira nyengo yokolola, banja lonse limakhala liri choŵerama m'munda: mai kupalira ali ndi mwana kumbuyo, ana kutola thonje dzuŵa liri paliombo, bambo kusenza mpope wa mankhwala. Koma tsiku la msika amene amapita ndi ngolo kaŵirikaŵiri ndi bambo yekha, ndipo m'mabanja ena bamboyo amabwerera kunyumba patapita masiku atatu, maso ali psuu, m'manja muli kansomba kamodzi kopepesera. Chimene ambiri a m'tauni sachidziŵa n'chakuti ndalamazo zimakhala zitamwedwa kale thonje lisanaphulike. Wogulitsa moŵa ali ndi kabuku kake kolembamo ngongole, ndipo iye ndiye amayamba kufika pamsika kudzadikira wake. Pofika Okutobala banja layamba kutapa chimanga m'nkhokwe kukagulitsa. M'Januwale mai ali pa ganyu m'munda wa mnansi pamene munda wake womwe ukumera tchire, ndipo zokolola za chaka chotsatira zimachepa. Zikachepa bambo amamwanso, ati kuti aiŵale mavuto.

Tisanapite patali tinene poyera kuti ife sitikulimbana ndi moŵa wa makolo athu monga iwo ankaumwera. Masese ankafululidwa pa chifukwa chodziŵika: dima, sadaka, chinamwali, kapena nsembe yopempha mvula. Kuyambira kunyika chimera kufikira tsiku lomwera pankapita masiku ambiri, ndipo mbiya ikatha moŵa unali utatha, anthu n'kubwerera kumakasu awo. Chipanda chinkayambira kwa akulu, ana ankapatsidwa thobwa, ndipo mnyamata wodzandira pamaso pa apongozi ake ankachititsa manyazi mtundu wake wonse. Malire analipo, ndipo oŵasunga anali anthu a m'mudzi momwemo.

Kachasu anadza ndi makhalidwe ena. Dzina lake lenilenilo ndi lachilendo, lochokera ku mau a Chipwitikizi akuti cachaça. Iyeyu sasasa ngati masese, motero angathe kugulitsidwa tsiku lirilonse, m'maŵa kapena usiku, ndipo mphamvu yake imaposa ya masese kangapo. Safuna mwambo, safuna gulu. Munthu angathe kumwa ali yekha kuseri kwa nkhokwe. Pambuyo pake makampani anabweretsa moŵa waukali wa m'timapepala, masacheti aja, wotsika mtengo kotero kuti mwana wa sukulu ankaugula ndi ndalama ya chitumbuwa n'kuubisa m'thumba la yunifolomu. Dziko la Zambia linaletsa moŵa wotere, umene kumeneko ankautcha tujilijili, m'chaka cha 2012, ndipo Boma lathu linachita chimodzimodzi m'chaka cha 2015. Chinali chinthu chanzeru ndipo tikuchiyamikira. Koma amalonda ali ndi maso kunkhongo: moŵa womwewo unasamukira m'timabotolo ta pulasitiki, ndipo ludzu la omwa silinasinthe.

Malamulo tiri nawo okwanira. Lamulo la Moŵa la 1979 limaletsa kugulitsa moŵa kwa munthu wosakwana zaka 18 ndipo limapatsa makhonsolo mphamvu yopereka ziphaso kwa ogulitsa. M'chaka cha 2017 Boma linakhazikitsanso ndondomeko ya dziko lonse yochepetsera mavuto a moŵa. Zonsezi n'zabwino pa pepala. Koma pepala liri ku Lilongwe silingayende lokha kukafika pansi pa mtengo wa mango pamene mnyamata wa kabaza akumwa asananyamule mai wodwala kupita naye kuchipatala.

N'chifukwa ninji munthu amasanduka chidakwa? Zifukwa zake si chimodzi. Ena anabadwira m'nyumba imene moŵa unali ngati ndiwo za tsiku ndi tsiku, ndipo madokotala amatsimikiza kuti chizoloŵezi chimenechi chimayendanso m'magazi. Ena ndi anyamata omaliza Fomu 4 amene alibe ntchito, alibe munda wawowawo, ndipo kuyambira Julaye kufikira mvula alibe chochita koma bawo. Asodzi a ku Senga Bay ndi madoko ena amagwira ndalama m'maŵa uliwonse atachezera usiku wonse panyanja pozizira, ndipo ndalama yobwera tsiku ndi tsiku imaoneka ngati sidzatha. Ena ali ndi chisoni kapena nkhaŵa imene alibe woiuza, pakuti tinaŵaphunzitsa kuti mwamuna salira. Koma chifukwa chimene sitikonda kuchitchula ndi ife tomwe. Chidakwa timachiyesa choseketsa cha m'mudzi. Chikagwa m'ngalande timaitana anzathu kuti adzaone. Chikamavina pamaliro timachigulira kabotolo kena. Moŵa wina tinaupatsa dzina loti "Ambuye Nditengeni" n'kumaseka, kufikira pamene unatengadi anthu angapo mu mzinda wa Blantyre m'chaka cha 2024.

Imfa zotere, zobwera mwadzidzidzi, ndizo zimatidzidzimutsa. Ambiri akumbukira za ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kumene anthu 75 anafa m'Januwale 2015 atamwa moŵa wa pamaliro. Mphekesera inati wina anathiramo ndulu ya ng'ona, nkhani imene anthu a kunyanja amaidziŵa bwino, koma ofufuza anapeza kuti poizoniyo anachokera ku tizilombo tomera mu ufa woonongeka umene anafululira moŵawo. Dziko lonse linalira. Komatu bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, linaŵerengera kuti m'chaka cha 2019 chokha moŵa unapha anthu 2.6 miliyoni, ndipo mwa ameneŵa 2 miliyoni anali amuna. Ambiri a iwo sanafe tsiku limodzi ngati a ku Chitima. Anafa mmodzimmodzi, pang'onopang'ono, ndipo pamaliro awo anthu anangoti anadwala nthaŵi yaitali.

Chiŵalo chimene chimasenza katundu yense ndi chiŵindi, pakuti ndicho chimasefa moŵa m'magazi, ndipo chimatha kusefa pang'ono pokha pa ola limodzi. Chikalemedwa zaka ndi zaka chimachita zipsera n'kuuma gwaa. Pamenepo maso amachita chikasu, miyendo imatupa, mimba imadzaza madzi, ndipo tsiku lina munthuyo amasanza magazi. Pano tifuna anthu a ku Chitala ndi a m'mbali monse mwa nyanja amvetsetse, chifukwa chiŵindi chawo chiri kale ndi adani ena atatu. Woyamba ndi likodzo la m'matumbo, limene mazira ake amakakhazikika m'chiŵindi. Wachiŵiri ndi matenda otupa chiŵindi a mtundu wa B, amene ambiri ali nawo osadziŵa. Wachitatu ndi chuku chomera pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino, chimene poizoni wake amayambitsa khansa ya m'chiŵindi. Munthu wothira kachasu pamwamba pa zitatuzi akusenzetsa mtolo wachinai pa mutu wolema kale.

Kuyambira 1988 akatswiri a khansa a bungwe lomwelo anaika moŵa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mosakaikitsa, ndipo dziko lathu liri m'gulu la maiko amene khansa ya kummero yafala koposa. Chidakwa chimagwidwa msanga ndi chifuwa chachikulu, chimaiŵala kumwa mankhwala otalikitsa moyo, ndipo mai womwa ali ndi pakati amaononga ubongo wa mwana asanabadwe. Za ngozi pa mseu wa M5 ndi za mabwato ogubuduzika sitichita kunena.

Pali chinthu chimodzi chimene tikupempha banja lirilonse kuti lichidziŵe, pakuti kusachidziŵa kwaphetsa anthu amene anali atatsimikiza mtima kusiya. Munthu amene wamwa kwambiri kwa zaka zambiri, thupi lake limazoloŵera moŵa kotero kuti akausiya mwadzidzidzi amanjenjemera, amatuluka thukuta, amasoŵa tulo, ndipo pa tsiku lachiŵiri kapena lachitatu ena amakomoka ngati a khunyu kapena kuona njoka ndi anthu amene palibe. Achibale poona izi amati walodzedwa, n'kuthamangira naye kwa sing'anga, kapena kuyamba kuloza chala nkhalamba ya m'mudzi imene siinalakwe kanthu. Ameneŵa ndi matenda, angathe kupha, koma mankhwala ake alipo. Wotereyu malo ake ndi kuchipatala, ndipo chidakwa chofuna kusiya chiyambe chakaonana ndi a chipatala. Izi zikutionetsanso kuti mau oti "ungosiya basi" ndi opepuka kwa wonena. Uchidakwa ukakhazikika ndi nthenda, ndipo nthenda siichoka ndi chitonzo.

Tsono wodwalayo apite kuti? Chipatala chachikulu cha Boma cha matenda a maganizo chiri ku Zomba. A St John of God amathandiza ofuna kusiya moŵa ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo ntchito yawo ndi yotamandika. Koma mlimi wa ku Chitala amene wagulitsa kale mbuzi yake yomaliza sangakwanitse maulendo otere. Thandizo loyamba liyenera kupezeka pafupi, pa chipatala cha boma la Salima ndi pa zipatala zazing'ono monga cha Khombedza. Alangizi a zaumoyo amene amayenda m'midzi kuyeza ana sikelo angathenso kuphunzitsidwa kufunsa za moŵa mwaulemu ndi kuzindikira amene ali pangozi.

Ena adzati yankho n'losavuta: apolisi aphwanye migolo yonse ya kachasu. Ife sitikugwirizana nawo kwathunthu. Otcheza kachasu ambiri ndi amai, ndipo ambiri mwa iwo ndi amasiye kapena osiyidwa ukwati, mwina ndi mwamuna amene moŵa womwewo unamutenga. Madeya ndi shuga ndiwo mpamba wokhawo umene angaufikire, ndipo aphunzitsi ndi anamwino ena m'dziko muno anaphunzira ndi fizi yotuluka m'paipi ya kachasu. Mukaphwanya mgolo lero osampatsa mai wotere njira ina, maŵa adzabwereka wina n'kukatchezera kudambo. Magulu a banki m'khonde ndi mabungwe obwereketsa ndalama ayambe ndi amai ameneŵa, pakuti dera lolima mtedza silisoŵa malonda ena: chiponde, nsinjiro, mafuta ophikira. Koma tiŵauzenso mosabisa kuti umphaŵi supatsa munthu ufulu wogulitsa moŵa kwa mwana, kapena wolandira ndowa ya chimanga imene akudziŵa bwino kuti yabedwa m'nkhokwe ya mai mnzake.

Pempho lathu lalikulu likupita kwa mafumu, pakuti malire amene makolo ankasunga anali a m'mudzi, ndipo m'mudzi momwemo ndimo angabwezeretsedwe. Nyakwaŵa iriyonse imadziŵa nyumba zotcheza kachasu m'mudzi mwake ndiponso imadziŵa mwana aliyense ndi zaka zake. Gogo Chalo Khombedza ndi magulupu awo, pamodzi ndi khonsolo ya Salima, abusa ndi mashehe, angathe kugwirizana mfundo zoŵerengeka zimene aliyense angazikumbukire: moŵa usagulitsidwe m'maŵa nthaŵi ya kumunda, usagulitsidwe kwa ana, usagulitsidwe pa ngongole kapena posinthana ndi chakudya, ndipo wophwanya mfundozi alipe pabwalo. Mfumu imene iyo yomwe imaweruza milandu itamwa iyambe yadzikonza.

Kwa ogula mbeu tikuti, kumene kungatheke, lembani maina a mwamuna ndi mkazi pa kaundula wa mlimi, ndipo ndalama ziperekedwe onse aŵiri alipo kapena zitumizidwe pa foni imene onse akuidziŵa. Alangizi a zaulimi amene amaphunzitsa kutalikana kwa mapando aonjezepo phunziro limodzi la kagaŵidwe ka ndalama za zokolola, mai ndi bambo atakhala pa mphasa imodzi. Nthaŵi yabwino yochitira misonkhano imeneyi ndi mwezi wa Epulo, thonje lisanatoledwe ndiponso masikelo asanapachikidwe pamisika.