Mauka obwerezabwereza: nchifukwa chiyani mankhwala ena sakugwira?

Mayi akapita kufamase kukadandaula za kuyabwa kumaliseche ndi ukazi woyera wonga chambiko, kawirikawiri amapatsidwa m'bulu umodzi wa fluconazole. Ambiri amachira. Koma ena mwezi usanathe vuto labwereranso, ndipo kunyumba mkangano wabuka kale, mayi kuloza chala bambo kuti akuyendayenda.

Mlanduwu nthawi zambiri umagwera wosalakwa. Mauka a mtunduwu amayamba ndi mafangasi otchedwa Candida, omwe amakhala m'thupi mwa amayi ambiri popanda kuvutitsa, ndipo madokotala sawaika m'gulu la matenda opatsirana pogonana. Amayi atatu mwa anayi alionse amadwalapo kamodzi m'moyo wawo.

Chimene ambiri sadziwa nchoti mafangasiwa ali m'mitundu. Wofala kwambiri ndi Candida albicans, ndipo mwamwayi ndiye amamva fluconazole kapena clotrimazole woika kunjira ya abambo. Candida glabrata ndi wina: sayabwa kwambiri, koma samva msanga fluconazole, ndipo amakonda amayi odwala shuga. Candida krusei ndiye mankhwalawa sawamva nkomwe. Mu 2022 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidaika mitundu itatuyi pamndandanda wa mafangasi 19 oyenera kusamala nawo.

Vuto lili apa: zipatala zambiri m'dziko muno zimapereka mankhwala potengera zizindikiro, osati kupima mtundu wa kachilombo. Mayi amene ali ndi glabrata akhoza kumwa m'bulu womwewo kangapo, ndalama nkumatha, kuyabwa kuli pomwepo. Akatopa, ena amathamangira kokadulitsa mauka ndi lezala, zomwe zimangosiya zilonda zolowera matenda ena.

Chimadzutsa mafangasiwa nchiyani? Pathupi, shuga wokwera, kuchepa kwa chitetezo m'thupi monga kwa amene ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV, komanso chizolowezi chogula amoxicillin pamsika chimfine chikangoyamba. Mankhwala oterewa amapha mabakiteriya abwino omwe amatchinga Candida kuti asachuluke. Kutsuka m'kati ndi sopo nakonso kumasokoneza mabakiteriyawa.

Choncho mauka akabwerera katatu kapena kanayi pachaka, choyenera nkupita kuchipatala kukayezetsa shuga ndi HIV, nkufotokozera adokotala mankhwala onse omwe adamwedwa kale. Amayi oyembekezera asagule fluconazole paokha. Kwa iwo madokotala amapereka clotrimazole woika kwa masiku asanu ndi awiri.