Wolima khofi ayambe ndiye kumulawa

Alimi anzathu, pali chizolowezi chimodzi chomwe chikutichititsa manyazi ndipo chiyenera kutha. Mlimi wa ku Misuku, ku Phoka kapena kumapiri a Nkhata Bay amasamala mtengo wa khofi kwa zaka zitatu usadayambe kubereka, amathyola nthawi yozizira zala zitauma, amasenza kupita naye kumakina osendera, koma mukamufunsa kakomedwe ka khofi wakeyo sangakuuzeni. Akabwera ku Mzuzu kudzagula katundu amabwerera ndi chitini cha khofi waufa wochokera kunja, wina wosakaniza ndi mizu ya chicory. Pamenepo ndalama ya thukuta lake yapita kwa eni fakitale a dziko lina.

Ife tikuti banja lililonse lolima khofi liphunzire kukazinga khofi wake pakhomo ndi kumamwa. Nkhaniyi ikukhudza mtengo womwe timalandira.

Maganizo oti khofi ndi chakumwa cha azungu ali ndi pochokera. Mbewuyi idafika m'dziko muno m'chaka cha 1878, pomwe Jonathan Duncan adabweretsa mbande kuchokera ku Edinburgh kudzadzala pa mishoni ya Blantyre. Kuyambira pamenepo khofi ankalimidwa kuti akwere sitima, ndipo ntchito ya munthu wakuda inkathera pa kulima ndi kuthyola. Ngakhale nthawi ya Smallholder Coffee Authority mlimi ankangopereka mbewu nkudikira kuti amuuze mtengo. Zinthu zidayamba kusintha mu 1999 pomwe padabwera Smallholder Coffee Farmers Trust, kenaka mu 2007 padabadwa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, yomwe eni ake ndi alimi. Bungwe lidalowa m'manja mwathu, koma lilime lathu lidatsalira m'nthawi ya atsamunda.

Taonani anzathu a ku Ethiopia, kwawo kwa khofi wa Arabica yemwe timalimayu. Pafupifupi theka la khofi yemwe amakolola amamwa okha. Mayi wa kumeneko amakazinga khofi pa kachiwaya ndi makala, nkusinja mu kamtondo, alendo ali chikhalire. Alibe makina a magetsi. Zipangizo zakezo ndi zomwe zili m'khitchini mwa aliyense wa ife.

Wina anena kuti kukazinga khofi kumafuna makina a ndalama zambiri. Makinawo ndi ofunika kwa okazinga matumba ogulitsa m'masitolo. Wa pakhomo amafuna chiwaya chokhuthala kapena phale, mbaula, mthiko, lichero, mtondo ndi sefa. Mayi amene amakazinga mtedza osapsereza watsala pang'ono kudziwa ntchito yonse.

Tengani khofi wouma bwino, yemwe mukamuluma amaswekera pa dzino osati kunyembenyeka. Mupuntheni pang'onopang'ono mu mtondo kuti makoko achoke, ndi kupeta. Sankhani, kutaya njere zakuda, zoboola ndi zankhungu. Chiwaya chikhale choyera, chopanda mafuta, ndipo chisakhale chokazingira usipa chifukwa khofi amakoka fungo. Thirani njere zochepa zongokwana kuphimba pansi pa chiwaya, moto ukhale wa makala oyaka bwino osati malawi, ndipo muzitakasa osaleka. Chitirani panja popeza utsi umachuluka. Njere zisintha kuchoka kubiriwira, zichita chikasu, kenaka zifiirira. Pakatha mphindi 10 kapena kuposerapo mumva zikuthetheka ngati mbuliwuli. Takasani mphindi imodzi kapena ziwiri nkuphula. Mukachedwa mpaka njere zitada ndi kutuluka mafuta, mwapsereza ndipo mudzangomva kuwawa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Khuthulirani m'lichero ndi kupeta msanga kuti zizizire ndiponso timadeya tiuluke. Sungani m'botolo louma lotseka bwino, padutse tsiku limodzi kapena awiri, ndipo muzisinja wongokwana tsikulo mu mtondo womwe sudasinjemo tsabola. Supuni imodzi yaikulu pa kapu, madzi ongophula kumene, dikirani mphindi zinayi nkusefa.

Tiwerengere pamodzi. Makilogalamu 5 kapena 6 a zipatso zofiira amatulutsa kilogalamu imodzi ya njere zopuntha. Pokazinga, kilogalamuyo imapepuka nkutsala magalamu pakati pa 800 ndi 850. Mukamathira magalamu 10 pa kapu, ndiye kuti mwapeza makapu 80 kapena kuposa. Funsani mtengo wa kapu imodzi ya khofi m'malo odyera a mu mzinda wa Mzuzu, muchulukitse ka 80, kenaka muyerekeze ndi zomwe mudalandira pa makilogalamu 6 a zipatso. Mukaona kusiyanako mudzamvetsa komwe phindu la khofi limagona.

Koma phindu lalikulu la chiwaya ndi loti sichinama. Njere zothyoledwa zosapsa zimatsala zotuwa anzake atafiirira, ndipo zimangomveka ngati mtedza wosakhwima. Khofi yemwe adakhalitsa m'thanki yovundikira amanunkha chowawasa. Woyanika padothi kapena wonyowa ndi mvula amamveka nkhungu. Njere zolumidwa ndi tizilombo zimaononga kapu yonse. Ogula akunja asadatchule mtengo amayamba akazinga pang'ono nkulawa, ndipo zolakwika zomwezi ndi zomwe amafufuza. Alangizi akhala akutiuza kuti tizithyola zofiira zokhazokha, ena nkumaganiza kuti nkuvutitsa chabe. Mlimi amene walawapo yekha khofi wosapsa safunanso kukumbutsidwa. Ndipo pa msonkhano wa kopaletivi akamanena za magiredi ndi mitengo, iye amayankhula zomwe akudziwa, sangopukusa mutu.

Ena akudandaula kuti tikalimbikitsa zimenezi alimi ayamba kuzembetsa khofi osapereka ku kopaletivi. Dandaulo limeneli ndi lomveka ndipo tiyankhe mosabisa. Kugulitsa khofi kwa mavenda usiku pomwe udatenga mbande ndi feteleza wa ngongole ku gulu ndi kubera anzako, ndipo tikudana nako. Kusunga makilogalamu awiri kapena atatu akumwa pabanja ndi nkhani ina. Palibe amene amati mlimi wa chimanga wazembetsa mbewu chifukwa wadya nsima. Komanso wofuna kulongedza khofi ndi kugulitsa m'masitolo atsate njira yake kudzera ku gulu ndi ku Malawi Bureau of Standards. Ife tikunena za kapu ya pakhomo.

Tisaiwalenso kuti msika wakunja suli m'manja mwathu. M'chaka cha 2001 mtengo wa khofi pa dziko lonse udagwa mpaka kutsika pansi pa masenti 50 a ku America pa paundi, alimi ambiri m'maiko olima khofi adataya minda. Mu 2023 bungwe la European Union lidakhazikitsa lamulo loti khofi wolowa kumeneko akhale ndi umboni woti sadalimidwe podula nkhalango. Chaka chomwecho mu November ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, katundu wakunja nkukwera mtengo. Dziko lomwe anthu ake amamwa khofi wawo limakhala ndi pothawira msika wakunja ukavuta. Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno.

Choncho tikupempha izi. Makopaletivi akonze masiku ophunzitsa kukazinga ndi kulawa khofi pamalo osendera, amayi ndi achinyamata akhale patsogolo. Atsogoleri aike poyera ndondomeko yoti membala athe kutengako makilogalamu ochepa a njere zosankha bwino pa mtengo wa membala. Akatswiri olawa khofi ku Mzuzu azipita kumidzi ndi zitsanzo, mlimi amve yekha kusiyana kwa giredi yoyamba ndi yotsika. Ndipo pa misonkhano yathu, ya boma ndi ya mabungwe mu mzinda uno, patebulo pazikhala khofi wa m'mapiri mwathu osati wa m'chitini.

Nkhaniyi ikambidwe pa msonkhano wotsatira wa kalabu yanu. Wina abweretse chiwaya, wina mbaula, aliyense abwere ndi njere zodzaza dzanja za m'munda mwake, mukazinge ndi kulawa mmodzimmodzi.